Mnzawo Wachitatu wa pa Damu la Nambala Seveni

Pamkeka panali nsungwi zitatu za mbedza. Talandira anaziona pamene amadutsa ndi kapu ya tiyi, n'kuziwerenga mumtima. Opita kukawedza anali awiri okha: bambo ake, a Chimwaza, ndi mnzawo wa kuubwana, a Gondoza. Iye anali wongowaperekeza, mbedza sanaigwirepo chibadwire. Nsungwi iliyonse inali ndi chingwe chake, mbedza yake, ndi kachidutswa ka patapata wakale koti kaziyandama pamadzi. Ziwiri zinamangidwa mofanana. Yachitatuyo mfundo zake zinapotokera kwina, ngati anamanga ndi munthu wamanzere.

Anaika kapu ija pambali pa bambo ake, n'kugwada kanthawi.

"Ababa, nanga iyi ndi ya yani?"

A Chimwaza anaiyang'ana nsungwi ija nthawi yaitali.

"Ndi yapadera, ina ikathyoka," anatero. Kenaka anaonjezera chapansipansi, "Kaya anabwera nayo ndi Gondoza."

A Chimwaza anali atangopuma kumene pa ntchito yauphunzitsi. Ankakhala ku Chinamwali, mumzinda wa Zomba, awiriwiri ndi mwana wawoyu, poti mayi ake anamwalira zaka zinayi m'mbuyomo. Talandira analibe mlongo, analibe mkulu kapena mng'ono. Dziko lake lonse linali bambo okalambawa, amene ankamwa mapiritsi a kuthamanga kwa magazi m'mawa uliwonse, ndipo akakwera kachitunda ankaima kawiri kuti apume.

Talandira anaphunzira za kusamalira alendo kukoleji ku Blantyre, koma ntchito anali asanaipeze. Anali mtsikana wamanyazi, wosachedwa kugwetsa nkhope, amene pagulu ankamva zambiri n'kulankhula zochepa. Ndiye pamene nkhani ya ulendo wokawedza inabuka, bambo ake anamupatsa kope n'kunena kuti, "Sukulu yako ija ionekere pamenepa, mayi. Tikonzere ulendo."

Anaukonza bwino ndithu. Masiku asanu, nyanja zitatu. Kuyambira ku Chilwa, padoko la Kachulu, kukafuna makumba ndi milamba. Kuchoka apo ku Chiuta, n'kukamalizira ku Malombe. M'kopemo analemba misewu, malo ogona, manambala a eni mabwato, ndi kumene akabwereke majekete oyandamitsa munthu akagwera m'madzi. Galimoto inali ya a Gondoza, kapikapu kamene ankanyamulira mafuta a kuchigayo chawo.

Madzulo a tsiku lomwelo a Gondoza anabwera kudzaona kope lija. Anali munthu wamimba yake, woseka ndi thupi lonse.

"Iwe Chimwaza, mbedza unaigwira liti komaliza? Nsomba za masiku ano n'zophunzira, zikakufunsa satifiketi."

"Nsombazo ndinaziphunzitsa ndine. Iwe uzisamala chimimbacho, ungatitembenuzire bwato."

"Mimba iyi ndi imene ikakuyandamitseni nonse. Majekete a mwanayu n'kungotaya nthawi."

Talandira anamwetulira, maso ali pakope. Kenaka anafunsa funso limene linkamuvuta kuyambira pachiyambi, poti m'moyo wake wonse sanawaonepo akuluakuluwa akuwedza, ngakhale kuyandikira madzi akuya.

"Kodi, amalume, maganizo a ulendowu anayambitsa ndani?"

"Bambo akowa," anatero a Gondoza. "Anandiimbira foni Lamulungu lija."

"Ine? Unandiimbira ndiwe. Mawu ako amamveka ngati uli m'chitsime."

"Chimwaza, usandinamizire. Unati, 'Takhalitsa osawedza, tiyeni tikamalize.' Mawu ako enieni."

"Amenewo ndi mawu amene unanena iweyo."

Kuseka kunathera pomwepo. Anayang'anana, aliyense akudikira kuti mnzake avomere kuti akucheza. Panalibe anavomera. A Gondoza anaona nsungwi zija pamkeka, anayamba kutambasula dzanja kuti agwire yachitatu ija, n'kulibweza. Tiyi wawo anamusiya theka.

Masiku otsatira tinthu tinayamba kusokonekera pang'onopang'ono. A Chimwaza anakumba nyongolotsi kudimba n'kuziika m'chitini, pamwamba n'kumangapo kansalu. M'mawa mwake kansaluko kanali chimangire, dothi lili momwemo, koma nyongolotsi munalibe ndi imodzi yomwe. M'chipinda chosungira katundu munayamba kununkha matope, osati matope a mvula, koma aja akuda a pansi pamadzi osayenda. Talandira anakolopa kawiri, fungo silinachoke. Ndipo dzuwa likangolowa, iye akutsuka mbale kuseri, ankamva kaphokoso cha kumpanda: khwee, phwa, khwee, phwa. Ngati munthu akupala thabwa ndi chitini n'kutaya madzi. Akapita kukasuzumira, kaphokoso kaja kankasiya. Akabwerera pambale, kankayambanso.

Lachinayi anaimbira mwini bwato wa ku Kachulu kuti atsimikize tsiku.

"Koma mayi, si mwasintha kodi?" anatero bamboyo. "Mnzanu uja anabwera dzana masana."

"Mnzathu uti, bambo?"

"Mnyamata wamtali, woonda. Anandipatsa moni ndi dzanja lamanzere, mpaka ndinati kodi ameneyu analeredwa kuti. Buluku lonyowa mpaka m'mawondo. Akuti madala aja sabweranso kuno, akupita kudamu."

"Damu liti?"

"Akuti akudziwa okha. Ine bwato ndapatsa ena, musandidandaule."

Anaimbira mayi wa nyumba yogona alendo kufupi ndi Chiuta. Nayenso anali atapereka zipinda kwa anthu ena. Mnyamata wina anabwera, anatero mayiyo, anaima panja, anakana kulowa, anakananso mpando.

"Anabwera liti, mayi?"

"Dzana. Masana ndithu, ndikuphika."

Talandira anaika foni pamwendo. Kuchoka ku Kachulu kukafika ku Chiuta si ulendo woti munthu n'kuoneka konsekonse masana amodzi. Ku Malombe sanaimbeko. Anaopa kumva zomwezo kachitatu.

Mtima wake unathamangira kwa a Gondoza. Ndani wina anaona kope lija? Ndani akanatuma anthu awiri ovala mofanana? Ndipo panali zimene anthu ankanong'onezana ku Chinamwali, zoti chigayo sichimangoyenda chokha, mwini wake amayenera kuchidyetsa. Talandira anali wophunzira, zoterezi ankazitcha nsanje chabe. Koma tsopano ankakumbukira mmene a Gondoza anabwezera dzanja pa nsungwi ija, ndipo kuphunzira kwake sikunamutonthoze.

Pa chakudya chamadzulo anafunsa mosakweza mawu.

"Ababa, damu lake ndi liti?"

Supuni inagwa m'manja mwa a Chimwaza.

"Wakuuza ndani za damu?"

Anawafotokozera zonse. Iwo anamvetsera maso ali pakhoma.

"Kwathu ku Thyolo kuli damu lina m'kati mwa minda ya tiyi," anatero potsiriza. "Amalitcha Nambala Seveni. Tinkawedzako tili anyamata."

"Tisapiteko, ababa. Tilekeretu ulendo wonsewu."

"Tikupita."

"Koma munthu ameneyu simukumudziwa."

"Ndati tikupita, Talandira." Sanamukalipire. Ananena ngati munthu amene akubwereza zimene wauzidwa.

M'mawa mwake a Gondoza anafika osaitanidwa. Akuluakulu awiriwo anakakhala pansi pa mtengo wa mapeyala, ndipo Talandira, amene ankayanika zovala kuseri kwa mpanda, anamva zidutswa za nkhani yawo.

"Wamutuma ndiwe," anatero bambo ake.

"Nditume ndani ine? Ndipindulenji?"

"Nanga wina akudziwa ndani? Tinalumbira awiri."

"Mwina wakalamba, wayamba kubwebweta kutulo."

"Ndikapanda kupita ine, iwe upita?"



"Sindikugona, Chimwaza. Sabata yonse ino sindikugona. Tiyeni tikangoona."

Talandira anaganiza zobisa nsapato za bambo ake, anaganiza zokauza abusa, anaganiza zodwala dala. Koma anaona kuti akatero akuluakuluwa adzangonyamuka okha tsiku lina iye ali kumsika. Bola apite nawo, maso ake akhale pa bambo ake. Anakabwereka majekete aja, n'kulongedza mapiritsi.

Ananyamuka Loweruka, unali mwezi wa Julayi. Anakhala atatu kutsogolo, Talandira pakati, nsungwi zili kumbuyo. Mpaka ku Limbe kunali dzuwa. Atangodutsa pa Bvumbwe chiperoni chinawatsikira, nkhungu yozizira ya kamvula kosalekeza ija, moti a Gondoza anayatsa nyali masana.

Ali chikhalire choncho, Talandira anakumbukira za ubwana wake. Akapita ndi mayi ake kukachapa kumtsinje wa Mulunguzi, bambo ake ankabwera kudzawatenga. Pochoka ankaima n'kuitana mokweza, ngakhale mwanayo ali pambali pawo pomwepo: "Talandira, tiye kwathu!" Ndipo sankasuntha mpaka iye atayankha kuti, "Ndabwera." Tsiku lina ananyanyala, sanayankhe. Bambo ake, amene sanamumenyepo, anamugwira phewa mpaka kumupweteka. "Yankha! Kwathu asodzi sachoka pamadzi osaitanana mayina. Madzi amasunga munthu amene sanaitanidwe. Ndipo amene wamuitana, umakamusiya pakhomo pake." Nthawi imeneyo anangoti ndi miyambo ya kumudzi.

Atapatuka pa tala n'kulowa mumsewu wadothi wa m'minda ya tiyi, anaona munthu kutsogolo akuyenda m'mphepete, wamtali, chitini chili kudzanja lamanzere. A Gondoza anali munthu wosadutsa woyenda pansi mvula ikugwa, ku Chinamwali aliyense ankadziwa zimenezo. Apa sanachepetse n'komwe liwiro. Talandira anayesa kuona nkhope, koma munthuyo anali atayang'ana kutiyi.

Anayenda mtunda wabwino ndithu, kutsika chigwa, kuoloka kamlatho, kukweranso. Kutsogolo kunaonekanso munthu, m'mphepete momwemo, chitini kumanzere.

"Amalume," anatero Talandira.

"Anthu a kuno amafanana," anayankha a Gondoza.

Anafika cha m'ma folo koloko. Msewu unathera pa kanyumba ka mlonda, pamwamba pa chitunda. Kumunsi, kumene kunayenera kuoneka madzi, kunali nkhungu yokhayokha. Mlonda anatuluka atadzikuta chikhothi, bambo wachikulire ndithu.

"Mwafika eti? Mnzanu wakudikirani kuyambira m'mawa. Bwato wakapa kale madzi."

"Ali kuti?" anafunsa Talandira.

"Watsikira kumeneku. Ndinamufunsa kalata ya chilolezo, akuti inu ndinu anthu akale pano." Mlondayo anakanda m'khosi. "Ine pano ndatha zaka ziwiri zokha, akale sindiwadziwa. Koma galu wangayu chibwerere mnzanuyo walowa pansi pabedi, akukana kutuluka. Ine ndikanakhala inu, mayi, ndikanadikira kuti kuyere."

"Tiperekezeni, bambo."

"Ayi. Chiperoni chikagwa ine sinditsikako."

Anatsika atatu m'kanjira koterera. Madzi anawatulukira mwadzidzidzi, akuda, osagwedezeka, mabango ali mbali zonse. Fungo lake linali lomwe lija la m'chipinda cha katundu. Pachikhomo panamangidwa bwato lamatabwa, lakale, utoto utatheratu. Munthu panalibe.

"Musakwere," anatero Talandira. "Ababa, mwandimva? Majekete ndaiwala kugalimoto. Musasunthe mpaka ndibwere."

Bambo ake anagwedeza mutu. Iye anathamanga kukwera chitunda, anatenga majekete, n'kutsika akuterereka. Sanathe ndi mphindi zisanu zomwe.

Anapeza a Gondoza ali okha, ataima ngati chitsa. Chingwe chinali lende pachikhomo. Bwato linali litafika kale kupitirira mabango, bambo ake atakhala pathabwa lapakati, manja ali pamawondo. Sankapalasa, nkhafi inali pamtunda pomwepo, pafupi ndi mapazi a a Gondoza. Koma bwatolo linkapita, ndipo kumbuyo kwake kunali kotitimira, monga limachitira kukakhala munthu. Nkhungu inalimeza iye akuona. Kenaka kunayamba kumveka: khwee, phwa, khwee, phwa.

Mtsikana uja amene sankatha kuwayang'ana a Gondoza m'maso anawagwira malaya pachifuwa ndi manja onse awiri.

"Mwawapereka! Mwawapereka bambo anga chifukwa cha chigayo chanucho!"

"Ayi, mwanawe. Ayi."

"Nanga ndani uyo? Ndani ali m'bwatomo?"

A Gondoza anakhala pansi m'matope momwemo.

"Tinali atatu," anatero. "Ine, bambo ako, ndi mnzathu wina. Papita zaka makumi atatu ndi zisanu. Eni minda sankalola kuwedza pano, ife tinkaba. Tsiku limenelo kunali chonchi. Bwato linkalowa madzi, iye ndiye ankakapa. Alonda anatulukira ndi agalu, ife n'kudzidzimuka tonse mbali imodzi, bwato n'kutembenuka. Awiri tinasambira mpaka kumabango, n'kuthawa. Iye kusambira sankadziwa bwino. Tinamumva akuitana. Kamodzi kokha."

"Simunabwerere?"

"Agalu anali m'mbuyo. Bambo ako anali atangosankhidwa kupita kusukulu ya uphunzitsi, akanamangidwa zonse zikanathera pomwepo. Ine ndinali wamantha chabe, ndilibe chonamizira. Mawa lake tinapita kwa mlongo wake, Esinati, n'kumuuza kuti mnzathu wakwera lole ya ku Joni, poti ankakonda kunena zopita kumeneko. Anatikhulupirira. Sitinamuitane, mwanawe. Sitinamulire. Dzina lake sitinalitchulenso."

Kukapa kuja kunkamveka patali tsopano, ndipo kunkafulumira, ngati madzi akumuposa wokapayo. Talandira anathamangira m'madzi mpaka m'mawondo.

"Ababa! Tiyeni kwathu!"

Chete.

"Ababa! A Chimwaza! Tiyeni kwathu!"

"Sangayankhe," anatero a Gondoza. "Madzi sabweza wam'mbuyo woyamba asanatuluke."

"Ndiuzeni dzina lake ndimuitane."

"Iwe sunabwere naye. Woitana ndi amene anabwera naye."

"Ndiye muitaneni!"

A Gondoza anaphimba nkhope ndi manja.

"Ndikamuitana ndiye kuti ndikamusiye pakhomo. Ndikaime pamaso pa Esinati. Zaka zonsezi ndikamuona pamaliro ndimamuzemba. Ndikanena chiyani?"

Talandira anatuluka m'madzi, n'kugwada patsogolo pawo. Mawu ake anabwerera mwakale, otsika, koma sananjenjemere.

"Amalume, ine mayi ndilibe. Amene ali m'bwatomo ndi okhawo. Munamusiya mmodzi pano chifukwa choopa agalu. Lero muwasiya achiwiri chifukwa choopa nkhope ya munthu wamayi?"

A Gondoza anadzuka movutikira. Anayenda mpaka m'mphepete mwa madzi. Kenaka anaitana.

"Yotamu."

Kukapa kunapitirira.

"Yotamu! Tiye kumudzi!"

Mawuwo anapita pamadzi osabwerera. A Gondoza anayamba kulira poyera ngati mwana.

"Yotamu, mbale wanga, ndine Gondoza. Tinalakwa. Tiye kumudzi."

Kukapa kunasiya. Kunakhala bata loti ngakhale madontho a m'mabango ankamveka. Talandira anatchera khutu kumadzi, koma yankho silinachokere kumeneko. Linachokera pambali pawo pomwepo, chakumanzere, pafupi moti akanatambasula dzanja akanakhudza. Anali mawu a mnyamata, opanda ukali, otopa ngati a munthu amene waima tsiku lonse.

"Ndabwera."

"Usacheuke," ananong'ona a Gondoza. "Itana bambo ako."

"Ababa, tiyeni kwathu!"

Anadikira. Anawerenga kupuma kwake, kasanu, kakhumi. Anali pafupi kuitananso pamene kunamveka kutsokomola m'nkhungu muja, kenaka mawu ofooka.

"Ndabwera, mayi."

Bwato linatulukira pang'onopang'ono, madzi atadzaza mpaka pamathabwa okhalira. A Chimwaza anali atanyowa mpaka pachifuwa, milomo itachita mbuu. Talandira ndi a Gondoza anawakokera kumtunda. Chitini m'bwatomo munalibe.

"Wamuitana?" anafunsa a Chimwaza, mano akuombana.

"Ndamuitana."

"Ndiye tiyeni tikamusiye."

Anakwera chitunda atawagwira a Chimwaza uku ndi uku. Palibe anacheuka. Talandira ankamva mapazi a iwo atatuwo m'matope, ndipo akaponda iwo, m'mbuyo munkatsatira kuponda kwina, kopanda nsapato. Pagalimoto a Gondoza anatsitsa chitseko chakumbuyo, n'kuima pambali atayang'ana pansi. Galimoto inatitimira pang'ono. Iwo anatseka. Mlonda uja anali pakhomo pake, anakweza dzanja kuti atsanzike, koma linaima m'malere. Analowa m'nyumba n'kukhoma.

Kumudzi kwa Esinati sikunali kutali, koma mdima unawapeza m'njira, ndipo pachitunda china pafupi ndi tchalitchi matayala anayamba kungozungulira m'matope. Anakhala momwemo atatu, Talandira atawafunditsa bambo ake zovala zouma ndi majekete aja. Galasi loonera kumbuyo a Gondoza analitembenuzira kudenga. Patapita nthawi galimoto inadzuka pang'ono, monga imachitira munthu akatsika, ndipo anamva mapazi akulowera kutsogolo, kunjira ya kumudzi, osafulumira.

Kutacha chiperoni chinali chitachoka. Galimoto anaisiya pomwepo n'kuyenda wapansi, a Chimwaza akupuma pafupipafupi. Anafika pakanyumba kanjerwa zosaotcha, kuseri kwake kuli nthochi zambiri. Chitseko chinali chotsegula. Pakhonde panakhala mayi wa imvi, tsache lili pamiyendo, bwalo losasesa.

"Filipo," anatero poona a Chimwaza, kuwatchula dzina limene Talandira sanamvepo munthu akuwaitana nalo. "Gondoza. Mwasochera?"

Anawayalira mkeka. A Chimwaza anaukana, anakhala padothi, a Gondoza n'kukhala pambali pawo. Anafotokoza a Chimwaza, kuyambira pa bwato mpaka pa bodza la lole ya ku Joni, osachotsapo kanthu, osadzichepetsera mlandu. Mayiyo sanawadule mawu.

Atamaliza, Esinati anawayang'ana a Chimwaza.

"Amayi anamwalira akufunsa ngati basi ya ku Joni yafika," anatero. "Iwe Filipo unalipo pamaliro awo. Unanyamula nawo bokosi."

"Ndinalipo."

"Ine ndinkamutukwana mlongo wanga. Ndinkati wapeza chuma, watiiwala." Anayang'ana kuchitseko. "Usiku wathawu munthu anakanda pazenera langa, mmene ankachitira iye akachedwa kubwera, kuopa kudzutsa amayi. Ndinatsegula, sindinaone munthu. Ndinangosiya chotsegula."

Anaika tsache pansi, anamasula mpango wa kumutu n'kuumanga m'chiuno. Kenaka anaimirira pakati pa bwalo, manja kumutu, n'kuyamba kulira maliro, kutchula dzina la mlongo wake. Anthu anatuluka m'nyumba zawo akufunsana kuti wamwalira ndani. Achinyamata sankalidziwa dzinalo. Achikulire anangoti kukamwa yasa, kenaka amayi anayamba kulowa pabwalo mmodzimmodzi, n'kumulandira kulirako.

Dzuwa lisanakwere akuluakulu a banja anali atagwirizana. Poti thupi panalibe, aika thunthu la nthochi m'malo mwake, pafupi ndi manda a mayi ake. Adzukulu atabwera ndi makasu, Esinati anawaimitsa.

"Inu pumani. Akumbe awiriwa."

Talandira anafuna kunena za matenda a bambo ake, koma iwo anamuyang'ana n'kupukusa mutu. Ndiye anangowapatsa mapiritsi awo ndi madzi m'kapu. Anamwa, anavula jekete n'kumupatsira mwana wawo, n'kulandira khasu. Poti akazi saloledwa kumanda pokumba, iye anatsalira m'mphepete mwa msitu, jekete lili m'manja. Kuchokera pamenepo ankamva makasu awiri akugunda dothi, lina lofulumira, lina lochedwa. Lochedwalo likaima, iye ankagwira mpweya mpaka liyambenso. Linkayambanso ndithu.